Dzira Lachitatu la Kaphulusa

Padangokhala! Amene wakhala duu osavomera kuti tili tonse, asadzandidandaulire nthano ikamudutsa.

Masewera aja ana a masiku ano amatosatosa pa mafoni, ogwira tizilombo kutchire, kutisunga, kutikwatitsa kuti tiswane, kenako n'kukatimenyanitsa, musamayese kuti ndi atsopano. Anawayambitsa ndi nyama, kalekale mbewa zisanayambe kuopa mphaka. Ine ndinawaonera ndi maso angawa, ndipo nsidze yanga yakumanzereyi inapsera komweko. Mumva mmene inapsera.

Nthawi imeneyo nyama iliyonse yaulemu wake inali ndi chipanda, ndipo m'chipandamo munkakhala kachilombo kake. Tina tinkalavula moto, tina madzi, tina tinkangonunkha basi, koma kununkha kogwetsa njati. Chaka ndi chaka akatha kukolola, onse ankasonkhana pabwalo, n'kutsegula zipanda, tizilombo n'kumalimbana tiwiritiwiri mpaka kamodzi katagona chagada. Mkulu wa bwalo anali a Ngaka, nkhalamba yofatsa yoyankhula ngati ikutafuna mawu. Bwalolo linali ndi lamulo limodzi lowawa: mtundu wa kachilombo ukatha zaka zitatu osapambanako ngakhale kamodzi, chipanda chake chinkaswedwa, kachilomboko n'kutayidwa kutchire, mwini wake n'kuchoka pamphasa ya eni zipanda.

Tsono panali Nyenga. Nyenga ameneyu anali wochenjera moti njoka ikamuona inkayamba yokha kupepesa. Koma za tizilombo sankadziwa kanthu, chifukwa pamene mayi ake ankaphunzitsa, iye anali kuthengo kuthamangitsa mbobo. Mayiwo pomwalira anamusiyira zinthu ziwiri: kamphika kotseka ndi chiguduli, komwe sanakatsegule n'komwe, ndi chipanda chakale chokhala ndi kachilombo kakakazi, dzina lake Kaphulusa.

Kaphulusa kanali kakang'ono ngati chibakera, kotuwa mbuu, kokalamba, mano onse atatha. Mtundu wake unachokera kwa agogo a agogo ake a Nyenga, kudutsa m'manja mwa akazi okhaokha, ndipo kanatsala kokha padziko lonse. Sikankalavula kalikonse. Chimene kankatha ndi kumvera ndi kudikira. Ukakauza kuti khala apa, ukhoza kupita ku Joni wapansi, n'kubwerako, udzakapeza pomwepo.

Zaka ziwiri zinali zitadutsa kale osapambana. Chachitatu chinali chimenechi. Nyenga sankafuna n'komwe kuti kankhalamba kopanda manoko katayidwe kokha kutchire.

Ndiye tsiku lina anakanyamula ulendo wa kwa a Nantchengwa, azamba a mazira. Chisa chawo chachikulu chija ndicho chinali nyumba yokwatitsira: mukalowa tizilombo tiwiri, pakatha masiku atatu munkatuluka dzira.

"Odi, azakhali!"

"Lowa, mwana wa mnzanga. Wabwera ndi chiyani?"

"Ndabwera ndi nkhalamba yangayi. Kumenya sikangathe. Ndati mwina kangandiberekere womenya."

A Nantchengwa anakapapasa pamimba ndi mlomo, n'kupukusa mutu wawo wonga nyundo uja.

"Mwatsala mazira atatu muno. Likatuluka lachitatu, chitsime chaphwa."

"Atatu ndi ambiri, azakhali. Ine ndikufuna limodzi."

"Mayi akonso ankayankhula choncho ali mtsikana. Kabwereke chachimuna."

Nyenga anaganiza kuti vuto la Kaphulusa ndi kuchepa. Choncho anathamangira kwa a Mbira, aneba ake okonda kuwothera dzuwa, amene anali ndi chilombo chachimuna chachikulu ngati nkhokwe, dzina lake Chimtulo.

"Achimwene, mundibwerekeko Chimtulo masiku atatu."

"Tenga, mlongo wanga," anatero a Mbira osatsegula maso. "Koma uchidzutse wekha."

Pakutha pa masiku atatu dzira linatuluka. Tsono mazira a tizilombo safungatiridwa ngati a nkhuku ayi. Amafuna kuberekedwa kumbuyo, woberekayo n'kuponda mapazi zikwi khumi, pamenepo m'pamene amaswa. Nyenga analibereka, n'kuyamba kuyenda uku akuimba. Nyimboyo inali ya mayi ake, yokhayo imene inamulowa m'mutu. Inkafunsa dzira mafunso atatu, za nkhope imene lidzatenge, za dzanja limene lidzatenge, ndi za mtima umene lidzatenge. Ovomera ankayankha kuti dzira silinena zake, tidzaonera kuswa. Inali nyimbo yokoma moti nyerere zinkasiya katundu panjira n'kumavomera.

Pa phazi lomaliza dzira linati phwa! Munatuluka kanthu kakang'ono, kotuwa mbuu.

"Azakhali!" anakuwa Nyenga atathamangira ku chisa. "Nkhokwe ija yapita kuti?"

"Unathawa mayi ako asanamalize kukuphunzitsa nyimbo ija," anatero a Nantchengwa. "Ili ndi ndime ina ya mayankho. Thupi ndi la mayi. Ngakhale ubweretse phiri, mwana adzatuluka Kaphulusa. Bambo amapereka dzanja, ndiko kuti luso lake lomenyera."

Nyenga anadzitonthoza kuti luso ndilo lofunika, n'kupita nako ku bwalo loyeserera, kumene nyama zinkayesa tizilombo tawo tsiku lalikulu lisanafike. Ng'oma italira, kamwanako kanatsegula kukamwa n'kuyasamula. Mdani wake anayamba kuwodzera. Nyenga anati aimbe nthungululu, koma poyang'ana anapeza kamwana kakeko kagona kale, kakuliza mkonono. A Ngaka anagona. Woimba ng'oma anagona. Tonse tinagona masiku anayi, ine podzuka ndinapeza chiswe chitamanga pamwendo wanga mpaka m'bondo.

"Wogona," anatero a Ngaka akutikita m'maso, "sagonjetsa wogona mnzake."

Anatsala mazira awiri.

Ulendo uno Nyenga sanayang'ane thupi, anayang'ana luso. Anapita kwa a Gwape, amene anali ndi kachilombo kakamuna kotchedwa Kamvuluvulu, kaliwiro moti kankamenya mdani kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi.

"Ndikubwereka," anatero a Gwape akuyang'anayang'ana uku ndi uku, "koma usamakaombere m'manja pafupi. Kamadzidzimuka."

"Zazing'ono zimenezo, achimwene."

Dzira lachiwiri linatuluka, Nyenga analibereka, n'kuponda mapazi zikwi khumi akuimba nyimbo ija ya mafunso atatu. Tsopano funso la nkhope ndi la dzanja ankawaimba monyadira ngati munthu wodziwa mayankho, la mtima ankangolidutsa msanga. Dzira linati phwa! Kotuwa mbuu, monga mwa masiku onse, koma miyendo yake inkanjenjemera ndi liwiro.

Ku bwalo loyeserera ng'oma inangoti di! Kamwanako kanatha mtunda. Kanathamanga mpaka kanasiya mthunzi wake m'mbuyo, mthunziwo unabwera wokha masana uli wefuwefu kufunsa njira. Kamwanako tinakapeza patatha sabata, katabisala m'mtondo.

Nyenga anakhala pansi pakhomo pa a Nantchengwa, manja ali m'mutu.

"Azakhali, liwiro katenga. Nanga manthawa ndani anawaitana?"

"Ndi mtima wa bambo ake umenewo."

"Ndiye mtima nawonso ndi wa bambo?"

"Mtima ndi wa wovala mkanda. Kholo limene lavala mkanda polowa m'chisa ndilo limapatsira mwana mtima wake. Popanda mkanda, dzira limangotola lokha, ngati wotola mtedza m'lichero atatsinzina."

"Bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa? Ukabwera pano umakhala ngati wakhalira moto."

"Nanga mkandawo ndiupeza kuti?"

"Kamphika kamene anakusiyira mayi ako unakatsegula?"

Nyenga anathamangira kwawo, n'kuchotsa chiguduli chija. M'kamphikamo munali chingwe chimodzi cha mikanda yofiira ndi yoyera, ya m'chiuno mwa mayi ake. Anaitulutsa, n'kukhala nayo pansi. Kaphulusa kanabwera, n'kuinunkhiza, n'kumukhalira pamwendo.

"Latsala limodzi, mayi wanga," anatero Nyenga. "Thupi lako, mtima wako. Dzanja lokha ndilo tikabwereke, ndipo dzanja lake ndi limodzi padziko pano."

Dzanja limenelo linali la Chiphaliwali, chilombo chachimuna cholavula mphezi, chimene chinali chisanagonjepo chibadwire. Mwini wake anali a Chiuli, kazembe wa nkhondo, bambo waukali amene ankatafuna njuchi ngati chimanga chokazinga. A Chiuli sankabwereketsa ngakhale singano. Chiphaliwali anachigwira okha kutchire ndi manja, ndipo zokwatitsa tizilombo ankati ndi ntchito ya amayi osowa chochita. Nyenga anadziwa kuti akapita kukapempha abwerako ndi makutu okha. Choncho sanapemphe.

Anadikira tsiku limene eni zipanda anasonkhana kupukuta zipanda zawo akumwa thobwa, a Chiuli ali pakati kufotokoza kachikhumi mmene anachigwirira chilombo chawo. Nyenga anagwada, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"A Kazembe, ndifunseko, ine ndine mwana."

"Funsa msanga."

"Chiphaliwali chanuchi, champhamvu chonchi, chili ndi ana angati?"

Ntchentche imene inkadutsa inaima m'malere.

"Ana a chiyani?" anatero a Chiuli.

"Ayi, ndimangofunsa. Chimtulo cha a Mbira, chaulesi chija, chili ndi mwana kwathu. Kamvuluvulu ka a Gwape, kamantha kaja, nakonso kali ndi mwana kwathu. Ndiye ndimati chanuchi mwina ana anakwana khumi."

Kumbuyo kunamveka mawu a Pusi, otsitsa koma omveka bwino: "Kapena chinagwa mu mpapaya."

Nyama zinayesa kugwira pakamwa, koma phwete linatuluka m'mphuno. A Njiri anatsamwa ndi thobwa. A Chiuli anaimirira, ubweya uli njo.

"Mwezi uno usanathe muona mwana wa Chiphaliwali! Amene waseka adzameza mano ake!"

Anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufuna chachikazi. Koma Chiphaliwali chinali chosamva, chikangoyetsemula chinkatentha chilichonse chili pafupi. Chachikazi cha a Njiri chinangofika pafupi n'kubwerako chopanda ubweya. Eni ena onse atamva anabisa zipanda zawo, uyu akuti changa chikudwala, uyu akuti changa chapita kumaliro. Tsiku lachinayi m'mawa a Chiuli anaima pa chulu cha Nyenga.

"Iwe Nyenga! Tuluka!"

"Ii, a Kazembe! Mwasochera?"

"Kanthu kako kotuwa kaja. Akuti sikapsa."

"Phulusa lipsa kawiri, a Kazembe?"

"Ndikukafuna masiku atatu."

"Pepani, katsala ndi dzira limodzi, ndipo dziralo ndi moyo wake. Likaswa, mwanayo adzakhala wa yani?"

"Wanga! Funso lanji limenelo?"

"Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi."

"Kwa ine mwana ndi wa mwini mphamvu."

"Ndiye tavutana. Tiyeni akatiweruze a Ngaka, ine sindingalimbane ndi akuluakulu."

Anapita onse ku chisa cha a Nantchengwa, a Ngaka anabwera, nyama zinadzaza kudzaonerera. A Ngaka atamva mbali zonse anatafuna mawu awo nthawi yaitali.

"Dzira ndi limodzi, eni ndi awiri. Tiligawe bwanji?"

"Zosavuta!" anatero a Chiuli. "Mwana akhale wa amene wafanana naye. Akatuluka ngati Chiphaliwali ndi wanga. Akatuluka ngati kachiguduli aka, atenge."

Mtima wa Nyenga unadumpha, koma nkhope anaigwetsa.

"A Kazembe, musatero. Ndikuuzeni pamaso pa anthu, mawa musadzati ndinakubisirani. Ana onse awiri a Kaphulusa anafanana ndi mayi awo."

"Chifukwa abambo awo anali zinyalala! Magazi a Chiphaliwali angagonje kwa phulusa?"

"A Kazembe," anayamba a Nantchengwa, "nyimbo ya mazira imanena kuti thupi..."

"Ndakufunsani, mayi inu? Ine zilombo ndimagwira ndi manja, sindiimbira mazira!"

A Nantchengwa anatseka mlomo wawo kuti gwa, n'kuyang'ana kumwamba.

"Mawu atuluka," anatero a Ngaka. "Bwalo lamva."

"Patsala chimodzi," anatero Nyenga. "Kholo lovala mkanda polowa m'chisa ndilo limapatsira mwana mtima. Inu ndinu akulu. Ulemu ndi wakuti avale ndi Chiphaliwali."

"Tsopano wayankhula zanzeru. Bweretsa."

Nyenga anapisa m'kamphika, n'kutulutsa chingwe chija pang'onopang'ono, n'kuchikweza m'mwamba kuti dzuwa lichiwalire, aliyense achione bwino. Amayi onse anagwirana mapewa.

"Ya m'chiunotu imeneyo!" anakuwa Pusi. "Chiphaliwali chikatuluka m'chisamo tichivinire ngati namwali!"

A Chiuli anabwerera m'mbuyo ngati aona makala amoto.

"Chotsa! Tsiku lija mumati chinagwa mu mpapaya, lero mukufuna muchione ndi mikanda m'chiuno? Valika kakoko!"

"Koma mtima, a Kazembe..."

"Mtima wa mwamuna sudutsa m'mikanda! Ndati valika kakoko!"

Nyenga anausa moyo ngati wogonja, n'kumanga mikanda ya mayi ake m'chiuno mwa Kaphulusa. Inazungulira kanayi. Tizilombo tiwirito tinalowa m'chisa. Masiku atatu amenewo chisacho chinkafuka utsi, a Nantchengwa ankagona panja ndi ndowa ya madzi.

Dzira lachitatu linatuluka lolemera ngati mphero, lotentha, lokutidwa ndi phulusa. Nyenga anatambasula nsalu kuti alibereke.

"Siya!" anatero a Chiuli. "Ndikudziwa iwe. Ukalisintha panjira. Ndibereka ndekha."

"A Kazembe, n'kutalitu. La bambo wamkulu chonchi limafuna mapazi zikwi makumi anayi. Si choncho, azakhali?"

"Ndi choncho," anatero a Nantchengwa, "ngati ndaloledwa kuyankhula."

"Ngakhale akhale zikwi zana! Ndimangeni."

Ndiye tinaona zimene sizinaonekepo: kazembe wa nkhondo atabereka dzira ndi nsalu yamaluwa, ali nyang'anyang'a kuzungulira dziko. Nyenga ankayenda pambali pake opanda katundu, akudya masuku, akuimba nyimbo ija pafupi ndi dzira.

"Ukuimbiranji?"

"Kuti tisasokoneze kuwerenga mapazi, a Kazembe."

Zinali zoona, koma chinalipo china. Nyenga ankafuna kuti mwanayo adziwe mawu ake asanaone dzuwa. Tsopano ankaimba ndime zonse ziwiri, ya mafunso ndi ya mayankho, imene anakagwada kwa a Nantchengwa kuti amuphunzitse mpaka kumapeto. Mayankho onse anali m'khutu mwa a Chiuli tsiku lonse, koma iwo ankangomva kulemera kwa dzira. Tsiku loyamba anatukwana nyimboyo. Lachiwiri anasiya kutukwana. Lachitatu Nyenga anamva mawu okhakhala ngati mpeni pa mwala akuvomera kuti dzira silinena zake, tidzaonera kuswa.

"Mumatha kuimbatu, a Kazembe."

"Sindikuimba. Ndikutsokomola."

Thukuta linasakanikirana ndi phulusa la dzira, n'kuwayeretsa msana wonse kuyambira pamutu mpaka kumchira. Phazi lomaliza analiponda m'mawa wa tsiku lalikulu lenilenilo, pakhomo pa bwalo, nyama zonse zitakhala kale. Dzira linati phwa!

Kanthu kakang'ono, kotuwa mbuu, kanasuzumira, n'kuyang'ana a Chiuli, n'kuyang'ana Nyenga, n'kukakhala pa phazi la Nyenga.

"Make mbuu," anatero a Ngaka, "mwana mbuu."

A Chiuli anayang'ana kamwanako, n'kuyang'ana mapazi awo otupa.

"Zikwi makumi anayi! Kuberekera ichi? Tenga nyansi zako! Ndipo kalowe m'bwalo lero lomwe, Chiphaliwali chikaponde, ndiiwale kuti ndinakaona!"

"Mwanena ndinu," anatero Nyenga.

Pakamwa anayankha molimba, koma vuto ankalidziwa. Kamwanako kanali kasanayesedwe. Thupi analiona, mtima anauona pamene kanakhala pa phazi lake, koma dzanja silioneka ndi maso. Anayang'ana kumbali: mwala woswera zipanda unali utaikidwa kale pafupi ndi a Ngaka, ndipo chipanda cha Kaphulusa chinali pamzere. Anawerama, n'kunong'oneza kamwanako mawu amodzi.

"Khala."

Kanakhala pakati pa bwalo ngati kamulu ka phulusa.

Chiphaliwali sichinadikire ng'oma. Chinatuluka m'chipanda chikubangula, n'kulavula mphezi yoyamba, imene inang'amba mtengo wa mkuyu pakati. Yachiwiri ndi imene inandipeza ine pamzere wakutsogolo, n'kundichotsa nsidze iyi, n'kupitirira kukawotcha chimanga cha m'mudzi wachitatu, anthu a kumeneko anadya mbuliwuli mwezi wathunthu.

"Pansi, iwe! Kali pansi!" ankakuwa a Chiuli. Koma Chiphaliwali chinali chisanamverepo munthu chibadwire. Yachitatu inapita kumwamba. Yachinayi ndi yachisanu zinamenya kamwanako pamutu penipeni, koma panangobuka kafumbi, kamwanako n'kuphethira kamodzi. Phulusa silipsa kawiri.

Kanatembenuka kuyang'ana Nyenga, ngati kakufunsa.

"Khala," anatero Nyenga, zikhadabo zitalowa m'dothi.

Zaka ziwiri za kugonja zija Nyenga sanangokhala pamphasa. Ankawerenga. Ankadziwa kuti m'mimba mwa Chiphaliwali mumakhala mphezi zisanu ndi ziwiri, zikatha chimatsegula kukamwa kukoka mpweya kuti chipange zina. Palibe mdani amene anakhalapo ndi moyo wodikira mpaka pamenepo.

Yachisanu ndi chimodzi. Yachisanu ndi chiwiri. Chiphaliwali chinaima, n'kuyasama kukamwa ngati phanga.

Nyenga anayamba nyimbo. Anaimba funso la nkhope, amayi onse n'kuvomera. Atafika pa funso la dzanja anakweza mawu, ndipo kamwanako kanakwinya mphuno, n'kuyetsemula.

Munatuluka kamphezi kowonda ngati ulusi wa singano, kowongoka, kosaphonya. Kanalowa m'kamwa mwa Chiphaliwali n'kukagunda pamene mphezi zatsopano zinkaphikidwa. Tinamva kuti gu! m'kati. Utsi unatuluka m'makutu. Chiphaliwali chinakhala pansi ngati munthu wolandira uthenga, kenako pang'onopang'ono chinagona chagada, miyendo inayi m'mwamba.

Nthungululu imene inalira pamenepo inathothola masamba a mitengo yonse, n'chifukwa chake mpaka lero mitengo imayoyola masamba akatha kukolola. A Ngaka anatenga chipanda cha Kaphulusa pamzere, n'kuchipukuta ndi mkono, n'kuchipereka kwa Nyenga. Nyenga anachikumbatira.

Koma a Chiuli analumphira pakati pa bwalo.

"Imani! Mphezi imeneyo ndi yanga! Kamwanako ndi kanga!"

"Munati wa amene wafanana naye," anatero a Ngaka. "Tayang'anani bwino. Kafanana ndi yani?"

"Anandipusitsa!"

"Pati, a Kazembe?" anafunsa Nyenga. "Za thupi ndinakuuzani. Mkanda ndinakupatsani, munaukana. Dzira ndinati ndibereke, munandilanda. Nyimbo ya mayankho munaivomera nokha panjira."

"Ndinkatsokomola!"

Bwalo linagwa ndi kuseka. A Ngaka anadikira kuti phokoso lithe.

"Mwana ndi wa kuchikazi, a Kazembe, zimenezo zatha. Koma bambo sachoka chimanjamanja. Dzina ndi mfunda zimachokera kwa inu. Mutcheni."

A Chiuli anaima, akupuma mwamphamvu. Pamenepo Chiphaliwali chinadzuka, n'kuyenda mwapang'onopang'ono mpaka pa kamwana kaja. Chinakanunkhiza, n'kukanyambita pamutu kamodzi, kamwanako n'kugubuduka katatu. A Chiuli anayang'ana zimenezo, ndipo nkhope yawo inayamba kusintha ngati munthu amene wapeza uchi m'mphako imene amaiyesa youma.

"Taimani kaye," anatero. "Ndani wagwetsa Chiphaliwali?"

"Mwana wake," anayankha a Ngaka.

"Mwamva? Mwana wake! Zaka zonsezi palibe wa kwina anachigwetsapo, mpaka pabwere magazi a kwathu! Iwe Pusi, uli kuti? Mpapaya uja ndi uti? Dzina lake ndi Kambaliwali, wa kwa Chiuli, ndipo anabereka kumbuyo ndine! Mapazi zikwi makumi anayi! Ndani wa inu anapondapo otere?"

Anavina mpaka fumbi linatseka dzuwa, ndipo Nyenga ndi amene ankawaombera m'manja kwambiri.

Madzulo a tsikulo Chiphaliwali chinakana kulowa m'chipanda chake. Chinatsatira Kaphulusa mpaka ku chulu cha Nyenga, n'kugona pakhomo. A Chiuli anachikoka, anachiopseza, osatheka. Chinali chalowa chikamwini. Kuyambira pamenepo a Chiuli ankabwera m'mawa uliwonse ndi chisa cha uchi kudzadyetsa chilombo chawo, ndipo poti uchi sugawika bwino, ankadya ndi onse: Kaphulusa kopanda mano, kamwana kogona kaja kakadzuka, kamantha kaja kakatuluka m'mtondo, Kambaliwali, ndi Nyenga yemwe, amene ananenepa mpaka khomo la chulu analikuza kawiri. Kaphulusa kanakalamba mwamtendere kakuwothera dzuwa, mikanda ili m'chiuno, ndipo chipanda chake sichinayandikirenso mwala uja.

Phulusa la pamsana pa a Chiuli silinachoke. Anasamba m'mitsinje isanu ndi inayi, ng'ona zinatuwa, iwo ayi. Pambuyo pake anasiya kusamba, n'kumalionetsa kwa aliyense ngati mendulo. Mukadzakumana ndi chiuli kutchire, mudzamuone: pansi wakuda bii, pamsana mbuu, ali nyang'anyang'a osaima, akung'ung'udza yekha. Musadzayese kuti wakwiya. Akuwerenga mapazi, ndipo akuvomera nyimbo ija. Koma mukadzamufunsa, adzakuuzani kuti akutsokomola.

Yathera pompa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule msanga, yanga ndinaiwotchera pa mphezi yachiwiri ija, ndipo mpaka lero ikadali yotentha.